Loko pa Chitseko cha Kuchipinda Kwanu

Amayi, kodi kumene muliko kukucha bwanji? Muli bwino?

Ife kuno ku Kawale tilipo, kungoti mutu wangawu sukuyenda bwino masiku ano. Ndiye ndati ndikulembereni, mwina polembapo ndimvetsa chimene ndachita. Koma ndiyambe ndi zabwino, paja inu munkadana ndi munthu wofika pakhomo n'kuyamba kukhuthula mavuto asanakhale n'komwe pansi.

Mpongozi wanu, mkazi wa mchimwene wanga Yohane, anachira bwinobwino, mwana wamkazi. Kamwanako ndi konenepa, ndipo kamakwinya nkhope ngati mmene munkachitira inu munthu akathira mchere wambiri m'ndiwo. Tonse tinkafuna kuti katenge dzina lanu, koma Yohane wakana. Akuti, "Kakadzaswa mbale ndidzakakalipira bwanji, kali ndi dzina la amayi?" Mpaka pano nkhaniyo sinathe, ndiye ku Area 25 kuja aliyense akungokaitana mmene wafunira. Kumudzi ku Mitundu chimanga chachita bwinoko, koma mtedza wakana. Papaya wanu uja wa kuseri kwa bafa anagwa ndi mphepo, ndipo ndinamulirira kuposa mmene munthu angalirire papaya. Madzi pampopi akubwerabe akafuna okha.

Tsopano za sukulu. Mukukumbuka ija ndinkakuuzani muli kuchipatala, yophunzira pa intaneti munthu uli kunyumba? Munandiyang'ana nthawi yaitali, kenako munafunsa kuti, "Ndiye aphunzitsi ake akafuna kukukwapula amadzera pati?" Kusukuluko ananditenga, Amayi. Yankho linabwera patangopita miyezi iwiri titakuikani. Ndi digiri yachiwiri, ya masamu ndi kaphunzitsidwe kake, ku yunivesite ina ya kunja imene sindinaionepo ngakhale geti lake. Digiri yoyamba ija ikungogonabe mu sutukesi, ndipo ine ndikadali kusitolo ya zitsulo kuja ku Old Town, kuyeza misomali ndi kudula mapaipi. Koma ahedi a sekondale ina ya mishoni anandiuza kuti ndikangomaliza imeneyi ndikawaone. Inu mukudziwa kuti choko ndakhala ndikuchifuna kuyambira ndili kamwana, nthawi ija ndinkaphunzitsa nkhuku zanu kuwerenga.

Sukulu yake ndi yodabwitsa. Maphunziro amabwera ngati mavidiyo, ndipo ambiri ndimawamvetsera m'minibasi, khutu limodzi kwa aphunzitsi, lina kwa kondakitala. Anzanga a m'kalasi ndimangowadziwa mitu ndi mapewa, sindikudziwa kuti wamtali ndani. Mphunzitsi wathu wamkulu ndi mayi wa imvi, ndipo amafuna kuti tizimutchula dzina lake loyamba, ngati mnzathu wa kuchigayo. Ine lilime limakana. Ndimangoti Madamu, iwo n'kumaseka.

Masamu akenso asintha. Ine ndinkadziona ngati katswiri, paja moyo wanga wonse ndinkakhoza chifukwa chomvera malamulo. Anandiuza kuti ukamagawa ndi theka uzitembenuza n'kuchulukitsa, ine n'kumatembenuza. Tsopano Madamu akuti, "Chifukwa chiyani? Mwana akakufunsa kuti bwanji ndagawa koma nambala yakula, udzamuyankha chiyani?" Sabata yathunthu ndinkayenda ndi funso limenelo. Ndinalimvetsa tsiku lina kusitolo, ndikudula paipi ya mamita atatu m'zidutswa za theka la mita, zidutswa n'kutuluka zisanu ndi chimodzi. Ndinafuula ndekha, kasitomala n'kuyesa kuti ndadzicheka. Zoterezi ndimazikonda, ngakhale zimandizunguza mutu. Chimene chandisokoneza kwenikweni ndi mayeso.

Mayeso ake timalembera kunyumba, koma ali ndi malamulo oposa a kundende. Usanayambe umanyamula laputopu n'kuizunguliza chipinda chonse kuti kamera ione pansi pa tebulo, kuseri kwa chitseko, paliponse. Ukatero umakhala pampando maola atatu. Nkhope isachoke pa kamera, maso asayang'ane kumbali, pakamwa pasatuluke mawu, ndipo munthu wina asalowe. Kwinakwake kuli munthu amene akukuyang'ana, iwe osamuona. Akafuna kukuuza kanthu amangolemba timawu pakona pa galasi la laputopuyo. Ndinasankha kulembera kuchipinda kwanu, chifukwa m'nyumba monse muno netiweki imagwira bwino pawindo lanu lokha. Ndinangosuntha makina anu osokera n'kuikapo tebulo.

Tsiku la mayeso oyamba linali Lachinayi masana. Ndinapempha tchuthi kuntchito, ndinatchaja laputopu mpaka kudzaza poopa magetsi, ndipo zonse zinkayenda bwino. Ndili pakati pa funso lachitatu ndinamva, "Odi muno!" Anali amalume a Fanuwelo, achimwene anu, afika kuchokera ku Mitundu osaimba foni, monga mwa nthawi zonse. Amayi, ndikulumbira kuti sindinaganize chilichonse. Pakamwa panga panangoyankha pokha kuti, "Eee, lowani!"

Analowa mpaka kuchipinda. Ine ndinatsika pampando n'kugwada, nanga ndikanatani? Ndinawalonjera moni wonse, za ulendo, za azakhali, za mwendo wawo uja. Iwo anatulutsa kapepala m'thumba la jekete, ine n'kukalandira ndi manja awiri. Anabwerera nkhani ya chiliza chanu. Wosema mwala akufuna chaka chimene munabadwa, koma chitupa chanu chikunena china, buku la kumpingo likunena china, ndipo amalume ali ndi chawochawo chimene akuti amachikumbukira bwino chifukwa ndi amene ankakuberekani kumbuyo. Analemba zaka zonse zitatu pakapepalapo. Anati, "Iwe wa masamu, tatiwerengera apa, mlongo wangayu wapita ali ndi zaka zingati?" Ndipo ine, chitsiru cha munthu, ndinatenga cholembera changa cha mayeso n'kuyamba kuchotsera. Ndinadzakumbukira kamera nditamaliza nambala yachiwiri. Pobwerera pampando ndinapeza mayeso atatsekedwa.

Patapita masiku awiri kunabwera imelo yonena kuti akundiganizira kuti ndinabera mayeso. Ine, Amayi, amene munandibweza kusitolo ndili mu Sitandade 3 chifukwa anandipatsa switi yoonjezera mosadziwa. Anandiuza kuti akandipeza wolakwa andichotsa sukulu, ndipo zilembedwa pa mapepala anga. Ndani angalembe ntchito mphunzitsi wokhala ndi mbiri yobera mayeso? Sabata imeneyo ndinkapatsa makasitomala misomali ya malata pamene akufuna ya matabwa.

Mlandu unazengedwa pa laputopu yomweyo. Anthu atatu, aliyense m'kabokosi kake, Madamu ali pakati. Anandionetsa vidiyo ya tsikulo. Ndinadziona ndikulemba bwinobwino, kenako ndikuyankhula ndi munthu wosaoneka, kenako ndikumira pansi pa tebulo, kungotsala nsonga ya duku. Kenako dzanja la mwamuna likutambasuka ndi pepala lodzaza manambala, manja anga awiri akulilandira mwaulemu wonse. Kunena zoona, ndikanakhala woweruza ndine, ndikanadzichotsa ndekha sukulu.

Ndinafotokoza zonse, ndinaonetsa ndi kapepala komwe. Bambo wina wa magalasi anandifunsa mofatsa kuti, "Bwanji simunamuuze kuti adikire panja?" Ndinayankha kuti, "Ndi achimwene a mayi anga." Onse atatu anadikira kuti ndipitirize, koma ine ndinali nditamaliza. Sindinadziwe kuti yankho limenelo limafunika lina pamwamba pake. Kenako mayi winayo anatsitsa mawu n'kundifunsa ngati bamboyo ndimamuopa, ngati ndili wotetezeka m'nyumba mwanga, poti anandiona ndikugwada. Amalume a Fanuwelo, amene amathawa nkhuku ikamaphedwa! Ndinaseka, ndipo kusekako kunathera m'misozi, pamaso pa anthu achilendo. Madamu ndi amene anandiyankhulira. Anagamula kuti ndilembenso, kamodzi kokha, chitseko chili chokhoma, kiyi ndimuonetse pa kamera. Kukadzachitikanso kanthu kena kalikonse, basi, kwanga kwatha.

Tsiku limene imelo ija inabwera, nditawafotokozera amalume, anakhumudwa, koma osati mmene ndinkaganizira. Anati, "Ndiye kuti m'kagalasi muja munali anthu? Nanga bwanji sanandipatse moni?" Kenako anafunsanso, "Aphunzitsi akowo alibe amalume?" Anagona masiku atatu, tinagwirizana kuti pamwala tilemba chaka cha m'buku la kumpingo, n'kubwerera kwawo.

Chitseko cha kuchipinda kwanu chinalibe loko, mukudziwa inu. Ndinaitana Che Mussa, akalipentala oyandikana nawo nyumba aja, kuti adzaike. Anabwera ndi zida zawo, anayang'ana chitseko, anandiyang'ana ine, n'kufunsa kuti, "Mumakhala nokha muno, ndiye mwayambana ndi ndani?" Akuboola thabwalo ndinatuluka panja. Ndinkakumbukira nthawi ija matenda atakula, anthu akubwera m'mawa ndi madzulo, inu osapeza mpata wogona. Ndinalemba pepala lakuti odwala akupuma n'kulimata pachitseko chomwecho. Munandituma kuti ndikalichotse pomwepo. Munati, "Munthu wayenda ulendo wonsewo ndi miyendo yake, iwe ukamuyankhe ndi pepala?"

Koma tsiku la mayeso achiwiri ndinalembanso pepala, Amayi. Ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti ndili pa mayeso, chonde musagogode, ndipo ndinalimata pa chitseko cha panja. Ndinauza Yohane, ndinauza akazi a Che Mussa, ndinauza mayi wogulitsa makala uja, ndinaimbira ngakhale amalume kuti nditsimikize kuti ali ku Mitundu. Ndinakhoma chitseko cha panja, ndinakhoma cha kuchipinda, kiyi ndinamuonetsa pa kamera. Katani ya pawindo ndinaisiya yotsegula kuti nkhope yanga izioneka bwino. Ndinkaona ngati ndaganizira zonse. Sindinaganizire kuti pali anthu ena amene pepala silinena nawo kanthu.

Ola loyamba linatha bwino. Mafunso anali ondikomera, dzanja likungoyenda. Ndiye ndinamva kugogoda, ndi mawu otopa akuti, "Odi kuno! Odi, a Roda!"

Anali Anachisale a ku Mgona. Mnzanu uja munkagulitsa naye kaunjika kalekale, amene anagona pansi pa simenti pafupi ndi bedi lanu kuchipatala milungu itatu pamene ine ndinkapita kuntchito. Amene anakusambitsani tsiku lomaliza, ine nditalephera kugwira ngakhale sopo. Chiikireni maliro anali asanabwereko chifukwa cha miyendo yotupa ija, ndipo inenso, ndivomere, ndinali ndisanapiteko kukawathokoza. Foni alibe. Kuwerenga sadziwa.

Anagogoda katatu. Ine maso pa galasi la laputopu. Ndinkapemphera kuti aganize kuti kulibe munthu, apite. Koma ndinamva masilipasi awo akukhwekhwereza kuzungulira nyumba, pang'onopang'ono, kudutsa pa bafa, mpaka anafika pawindo lanu. Sindinatembenuke, koma diso limaona ndithu cha m'mbali. Ndinaona chithunzithunzi cha munthu wasenza kamtolo pamutu, dzanja ataliika pachipumi kuti aone bwino m'kati. Pakati pa iwo ndi ine panali galasi lokha, ndikanatambasula dzanja ndikanalikhudza.

Anagogoda pagalasipo ndi chikhadabo. "Roda, mwanawe, ndine. Sukundiona?" Anadikira. "Wadwala kodi? Tandiyankha, mwana wa Nabanda."

Khosi langa linauma gwa chifukwa cholikaniza kutembenuka. Nthawi yomweyo pakona pa laputopu panatuluka timawu ta woyang'anira uja, kufunsa kuti akumva mawu a munthu, kodi pali wina amene ndili naye? Amayi, apa ndi pamene pakundiwawa. Ndinalemba kuti, "Palibe munthu, ndi phokoso chabe la panja." Ndinalemba zimenezo Anachisale ali chiimire pawindo, akundiyang'ana m'maso mwa mbali. Woyang'anirayo anati chabwino, pitirizani.

Wotchi ya mayeso imakhala pamwamba pa galasi la laputopu, ndiye ndikudziwa kuti anaima pamenepo mphindi zinayi. Sindinadziwe kuti mphindi zinayi zingatalike choncho. Pomaliza anangoti, "Chabwino," mwa pansipansi, masilipasi aja n'kuyambanso kukhwekhwereza. Ndipo chimene sindikuchimvetsa n'chakuti nditangomva kuti apita, mutu wanga unabwerera ku masamu. Ndinamaliza mafunso onse, ndinabwerezanso kuwaona, nthawi n'kutsalako. Ndinkayembekezera kuti dzanja likana, koma silinakane.

Nditatsegula chitseko cha panja ndinapeza kamtolo kaja pakhonde. Munali mbatata zowerengeka, ndi juzi yanu yobiriwira ija imene tinaifunafuna pogawa zovala osaipeza. Inatsalira m'chikwama chawo kuchipatala. Anaichapa, anaisita, anaipinda bwinobwino, ndipo batani limene linathothoka lija anasokererapo lina. Ndinathamanga mpaka pa siteji wopanda nsapato, koma anali atapita kale. Akazi a Che Mussa anandiuza kuti anawaona mochedwa, akuchokera kale kuseri, ndipo anawaitanira pakhonde pawo kuti apumitse miyendo ndi kumwa madzi. Akuti Anachisale anafunsa kuti, "Kodi mwana uja ndamulakwira chiyani?" Atawafotokozera kuti ndinali pa mayeso, anangoti, "Mayeso ali yekhayekha m'chipinda cha mayi ake? Ine ndamuona ndi maso angawa, wangokhala, akuonera kanema." Anakana kudikira.

Zotsatira zabwera dzulo. Ndakhoza, Amayi, ndipo ndakhoza kuposa mayeso ena onse amene ndinalembapo chibadwire. Nkhani yobera ija yafufutidwa. Madamu andilembera kuti anyadira, akuti ndaonetsa kuti ndine munthu wokhulupirika. Ndawerenga mawu amenewo kangapo, ndipo nthawi iliyonse ndikumva chikhadabo chija pagalasi. Yohane sindinamuuze, amalume sindinawauze. Ndimati ndikatenga foni kuti ndiimbe, sindikudziwa kuti ndiyambe ndi mawu a chisangalalo kapena a chiyani.

Ndiye ndikufunseni inu, poti ndinu munandilera. Tsiku loyamba lija ndinachita zimene munandiphunzitsa, anthu ophunzira n'kunditenga ngati wakuba. Sindikuwada, vidiyo ija ndinaiona ndekha, ndipo ndikadzakhala mphunzitsi sindidzalola kuti mwana alandire pepala kwa amalume ake pakati pa mayeso. Koma tsiku lachiwirili, limene akundiyamikira nalo, ndi limene ndinanama. Kapena sindinaname? M'chipindamo munalibedi munthu wina. Ndayesa kuiyala nkhaniyi mmene Madamu amatiphunzitsira, kuyambira pa zimene tikudziwa, sitepe ndi sitepe, kufunsa chifukwa pa mzere uliwonse. Mzere uliwonse ukuoneka wolondola. Ndikafika pansi ndikupeza mayi wachikulire wa miyendo yotupa akubwerera ku Mgona osalandira moni pa nyumba yanu, ndipo sindikuona pamene ndinalakwitsa kuti ndikonze.

Mwina ndikanangotembenuka kamodzi n'kukweza dzanja. Mwina woyang'anira uja sakanaona, kapena akanamvetsa. Mwinanso bwenzi pano ndikukulemberani kuti sukulu yatha, ndibwerera ku misomali mpaka kukalamba. Inu mukanati chiyani? Tsiku lina ndimakumvani mukuti, "Sukuluyo usaisiye, ine ndinasiyira pa Sitandade 2 ndipo palibe anandipatsa mendulo." Tsiku lina ndimakuonani mutangondiyang'ana mmene munkachitira ndikakuchititsani manyazi pa anthu. Zonse ziwiri ndi inu, ndipo sindikudziwa kuti ndimvere ziti.

Loweruka likubwerali ndikupita ku Mgona. Nyumba yawo ndikuikumbukira pang'ono, ndikasochera ndikafunsa. Sindinyamula laputopu kuti ndikawaonetse, kapena kukawafotokozera za kamera, chifukwa ndikudziwa kuti zikangomveka ngati ndikuwayankhanso ndi pepala. Ndikaima pakhomo pawo n'kunena kuti odi. Akakapanda kuyankha, ndikaimabe pomwepo, dzuwa lindiwombe, anthu a m'njira andione, mpaka iwo eni atafuna. Limeneli ndi lonjezo langa kwa inu, ndipo mukudziwa kuti sindinakulonjezenipo chinthu n'kuchisiya.

Koma ndisakunamizeni inunso, Amayi. Loko uja sindinamuchotse. Kwatsala mayeso ena atatu chaka chino, ndipo ndikudziwa kale kuti tsiku lake likadzafika ndidzakhomanso, ndipo wina akadzagogoda sindidzatembenuka. Ngati mungathe kundikhululukira zimenezo, ndikhululukireni muli konko.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani koopsa.

Ndine mwana wanu,
Roda